Mphwanga, Lachinayi ukalakatule ku Melville

Halo mphwanga, ndi ine. Ndaona wandiimbira kawiri, foni inali m'loka, paja kukhitchini kuno salola kuigwira nthawi ya ntchito. Ndatuluka kuseri kuno kotayira zinyalala, ndili ndi mphindi 15 zokha, ndiye ndingokujambulira mawu. Umvetsere bwinobwino, ukafuna ubwereze. Ndi za Lachinayi lija, madzulo a ndakatulo pa bala ya ku Melville kuno ku Joni.

Upita. Tiyambire pamenepo. Usayambe zoti mutu ukuwawa, kaya mawa ndilawirira, ayi. Watha miyezi itatu m'chipinda muja ku Yeoville, kuweruka kuntchito n'kulowa m'bulangete, ndakatulo zili m'kope pansi pa matiresi ngati ndalama zakuba. Iwe amene unkalakatula pa asembule kusekondale mpaka ahedi kuvula magalasi, lero uziopa anthu 40 ogwira mabotolo? A Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu, mlakatuli ameneyo. Iwe palibe akumange. Choopsa chimene chingakuchitikire n'choti wina akayasamula.

Kayendedwe kaye. Uchoke dzuwa lisanalowe. Uno ndi June, ikamakwana hafu pasiti 5 dzuwa lapita, ndipo kuzizira kwa kuno ngakhale wa ku Dedza amadandaula. Mzinda uno uli pamwamba, mamita oposa 1,700, usiku chisanu chimachita kuyera pa udzu. Jekete langa lakuda lili kuseri kwa chitseko, uvale limenelo, osati kajuzi kako kaja.

Ukaima pa Raleigh paja, ukweze chala cholozera m'mwamba, ndiye kuti tauni. Ukaloza pansi akuyesa ukungozungulira momwemo. Kumbukira kuti taxi za kuno zilibe kondakitala ngati minibasi za ku Ndirande. Ndalama zimachoka kumbuyo, mzere ndi mzere, mpaka kwa dalaivala, ndipo amene wakhala kutsogolo ndiye amawerengera chenji cha anthu onse. Ndiye iwe ndi masamu ako aja, usakhale kutsogolo. Utenge ndalama zosweka, usatulutse R200 m'taxi.

Ukatsika m'tauni uyende mpaka ku renki ya Bree. Pazikwangwani analemba Lilian Ngoyi, koma aliyense amangoti Bree, ndi msewu womwe unaphulika mu July 2023 uja, gasi wa pansi kung'amba tala, magalimoto kugubuduzika. Ukafika upereke moni, "Sanibonani", kenako ufunse amene amayang'anira mizere kuti za ku Melville zili pati. Safunsa anadya phula. Foni ikhale m'thumba la m'kati mwa jekete kuchokera pamene watsika mpaka wakweranso. Ikalira, ilire. Pini ya malowo ndakutumizira kale pa WhatsApp, uyang'ane ukakhala pansi m'taxi, osati panja. Potsika ukweze mawu, "after robot", usachite zong'ung'udza, akupitirira nawe mpaka ku Cresta.

Malowo ali cha pa 7th Street, kamsewu kamodzi koma kodzaza mabala ndi malo odyera mbali zonse. Pakhomo amalandira R50, uwapatse, usayambe kunenerera ngati ukugula kaunjika. Ndalama imeneyo ndi yolipirira masipika ndi mlakatuli amene amuitana mwapadera.

Pepala lawo limati 7 koloko. Sayamba 7 koloko, sanayambepo. Koma iwe ufike 7 isanakwane, chifukwa cha chinthu chimodzi: mndandanda. Pamakhala kope kapena pepala pakauntala, kapena woyendetsa mwambo, MC uja, amayenda nalo m'manja. Amene akufuna kulakatula pa open mic amalembapo dzina. Likadzaza ladzaza, ngakhale ulire. Usalembe pa nambala 1, nthawi imeneyo anthu akadali kukoka mipando n'kuitanitsa zakumwa, mawu ako angogwera pansi. Usalembenso kumapeto, nthawi imeneyo mowa ndiwo ukulankhula. Pa 5, pa 6, pamenepo. Ndipo umuuze MC katchulidwe ka dzina lako, umubwerezere kawiri. Ine anandiitana katatu ndili phee, osadziwa kuti chimene akutchulacho ndi dzina langa.

Ugule kanthu. Ndikudziwa sumwa, amayi anakulera bwino kuposa ine, koma paja ndi bala, mwini wake analola alakatuli kuti agulitse zakumwa pa tsiku lopanda makasitomala. Coke kaya Stoney, chimodzi, uzimwa pang'onopang'ono. Ulipire pomwepo, usatsegule bilu yoti uzidzalipira pomaliza, chifukwa anzako atsopano amabadwa msanga pa tebulo la munthu wa bilu. Woperekera zakumwa umusiyire kangachepe, kuno mwambo wake ndi 10 pa 100 iliyonse. Ndikunena monga munthu wa ntchito yomweyi, ambiri amadalira timeneto pa lendi. Ndipo ukamva akulankhula Chishona kapena Chichewa chenicheni usadabwe. Botolo lako usalisiye pa tebulo n'kupita kuchimbudzi. Ukalisiya, ukabwerako gula lina.

Dikira, akundiitana. Ndibweranso.

Eya, ndabwera, inali nsomba ya tebulo 9. Ndimati chiyani? Ee, kukhala pansi.

Ukhale pakati, cha kukhoma, pomwe ukuona nsanja komanso chitseko. Nsanja yake usayembekezere ngati ya ku holo, ndi kangodya chabe, maiki imodzi ndi babu limodzi. Ndiye hafu yoyamba yonse ntchito yako ndi kumvetsera. Uwu si msonkhano wa kutchalitchi woti aliyense akhale chete manja pamiyendo, komanso si pa bawo. Firiji ikulira, wina akutsegula botolo, kunja galimoto ikudutsa ndi nyimbo. Koma munthu akangogwira maiki, macheza amatha. Ukaona anzako a pa tebulo akupitiriza nkhani, iwe usayankhe. Foni uitseke pakamwa. Kujambula kanema wa munthu, upemphe kaye, chifukwa ena amanena zinthu za m'nyumba mwawo, za kugwiriridwa, za bambo amene anathawa, ndipo anabwera kudzauza chipinda chimenechi, osati Facebook.

Mzere ukawakhudza saomba m'manja, amaliza zala, tha tha tha, kuti asamudule mawu wolakatulayo. Ena amangoti "mmm", ena "yebo". M'manja amaomba akamaliza. Tsiku loyamba ine ndinaomba ndekha pakati pa ndakatulo, mwamphamvu ngati kuchinkhoswe, anthu onse kucheuka. Nthungululu zimamveka ndithu, amayi a kuno amaliza ngati kwathu, koma zisiyire eni ake.

Uzamva zilankhulo zambiri usiku umodzi. Dziko lino lili ndi zilankhulo za boma 12, cha manja anachiwonjezera mu 2023. Wina ayamba m'Chingerezi, apotokera m'Chizulu, amalizira m'Chisutu, mzere umodzi womwewo. Ambiri ndi ana a pa yunivesite ya UJ ku Auckland Park pafupi pomwepo, ena a pa yunivesite ya Wits. Ndipo popeza ndi June, uzamva za 1976 mpaka zikukwane. Pa 16 June chaka chimenecho ana asukulu a ku Soweto anatuluka kukana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans, apolisi n'kuwawombera. Ana anafera chilankhulo, mphwanga. Ndikukuuza zimenezi dala, chifukwa ndafika pa nkhani imene ndakuimbira.

Alamu ako andiuza kuti usiku wa dzana unali pa tebulo ndi foni, kumasulira ndakatulo ya agogo ija m'Chingerezi. Leka. Ng'amba pepala limenelo. Ukalakatule m'Chichewa, kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza.

Ndikudziwa chimene ukuopa, ukuti sakamva. Tamvera. Mu 1994, tsiku lolumbiritsa Mandela ku Pretoria, imbongi, mlakatuli wotamanda, inaima pamaso pa atsogoleri a dziko lonse lapansi n'kutamanda m'Chixhosa. Ndani anaimitsa mwambo kuti timasulire kaye? Anthu a kuno anakulira zimenezo, amadziwa kumvera ndakatulo ndi khutu asanaimve ndi mutu. Ndipo Chichewa si chachilendo kwa iwo monga ukuganizira. Iwe ukati munthu, Mzulu ali ndi umuntu, Mshona ali ndi munhu. Ukati mvula, iye imvula. Madzi, amanzi. Njala, indlala. Nyama ndi nyama basi. Ukati kufa, palibe amene afunse mnzake. Ukati mgodi, limenelo ndiye ndi lawo lomwe, umgodi. Ndakatulo yako ija muli mgodi, muli njala, muli mvula, muli kufa. Azitola liwu apa, liwu apo, ngati nkhuku pa mphale yotayika, zotsalazo mawu ako ndiwo awanyamule. Ndipo m'chipindamo simulephera kukhala wa ku Chipata kapena wa ku Tete amene amve zonse.

Chimodzi chokha chikusekese. Paja muli mzere wakuti agogo anakhala pakhonde? M'Chizulu ukukhala ndi kulira. Ndiye iwe ukamati anakhala, anakhala, iwo akumva kuti analira, analira. Usakonze. Poganiza bwino, onse awiri mukunena zoona.

Chimene usachite n'chophatikiza, mzere wa Chichewa kenako mzere wa Chingerezi womasulira, kenako Chichewa. Ndinayesapo, mapanga awiri avumbwitsa. Ndakatulo imafa, umangomveka ngati womasulira wa pa ulaliki wa pamsika. Ndipo Chingerezi chilibe pokhazika mawu ngati chifuwa cha agogo chija chimati khoo khoo usiku, kapena sitima ija ukuti inangoti zii kulowera kumwera. Ukazichotsa zimenezo watsala ndi lipoti.

Chingerezi uchigwiritse ntchito poyamba pokha, ziganizo ziwiri, zikachuluka zitatu. Moni, dzina lako, ndine wa ku Malawi. Kenako unene kuti iyi ndi ya agogo anga aamuna, amene Wenela inawabweretsa kudzakumba golide pansi pa mzinda uno, anabwerera kwawo ndi njinga, sutikesi yachitsulo, ndi chifuwa chimene chinawapha. Basi. Liwu lakuti Wenela lokhalo, akuluakulu a m'chipindamo adzutsa mitu. Mzinda uno unayamba ndi golide wa 1886, ndipo milu yachikasu imene umaiona kumwera kwa tauni ija ndi dothi lomwe anthu ngati agogo anatulutsa pansi. Agogo a anthu amenewo anachokera ku Lesotho, ku Mozambique, ku Transkei, anagona m'makomponi omwewo, anatsokomola chifuwa chomwecho. Sukuwauza nkhani yachilendo. Iwe wekha unakwerera basi pa Wenela ku Blantyre, depoti imene inatenga dzina kwa omwewo, n'kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge. Ngati ukufuna chiganizo chachitatu, chikhale cha ndime ya ndege ija: kuti mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, amuna a kwathu oposa 70 n'kufera momwemo akubwerera kwawo, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu a kumigodi. Ambiri a kuno sazidziwa zimenezo. Ukatero, ukafika pa ndime imeneyo n'kutchula Francistown, adziwa pamene uli.

Ndipo usapepese. Usanene kuti pepani sindine mlakatuli weniweni, pepani Chingerezi changa, pepani ndi koyamba. Ife Amalawi pepani amatituluka ngati mpweya, munthu akatiponda ndife timapepesa. Kuntchito zimatithandiza, pa maiki ayi. MC mwini wake akafunsa ngati ndi koyamba, uvomere, anthu amakuwa mokulimbikitsa. Koma usadzichepetse wekha.

Nthawi. Amapereka mphindi 3, akakoma mtima 5. Ndakatulo imodzi. Ine tsiku langa loyamba, pa bala ina m'tauni, ndinayamba ndi kulongosola mbiri ya mudzi wathu, mfumu yake, mtsinje wake, ngati ndikupereka malonje pamaliro. Ndisanafike n'komwe pa ndakatulo, ndinangoona MC waima pambali panga akumwetulira, dzanja lili pa maiki. Ndinatsika ndakatulo ili m'thumba. Ndiye usiku uno uime m'chipinda muja, uyatse wotchi ya pa foni, ulakatule mokweza. Ikapitirira mphindi 3, dula. Ine ndikanadula ndime yachinayi ija, yodzudzula andale. Usakwiye, koma ndi yofooka, aliyense angathe kuilemba. Za agogo palibe wina angalembe.

Ulakatule katatu, kanayi, mpaka alamu ako akugogodere. Ngati waloweza, ndi bwino, koma pepala ukhale nalo m'manja, palibe amene aseke. Pepala, osati foni. Foni imazima pakati pa mzere, kapena amayi aimba nthawi yomweyo. Ulembe zilembo zikuluzikulu chifukwa kuwala n'kochepa. Manja akamanjenjemera, upinde pepalalo pawiri, likakhala lolimba silionetsa.

Akakuitana usathamange. Ukafika, ukonze maiki ifike pakamwa pako, ukalephera MC akuthandiza, ndi ntchito yake. Usaimenye ndi chala, usauziremo. Pakati pa mlomo ndi maiki pakhale zala zitatu. Ndiye uime kaye, upume kamodzi, uyang'ane munthu mmodzi kumbuyo kwenikweni, ulankhule ndi ameneyo. Mantha amathamangitsa lilime, ndiye pamene ukuona ngati ukuchedwa, pamenepo ndiye pabwino. Anthu osamva chilankhulo amafuna mpata pakati pa mizere. Pali mzere umabwerezabwereza uja, "mgodi sunabweze". Ukaunena kachiwiri, uime pang'ono, utambasule dzanja. Kachitatu uona okha akuunena nawe. Anthu a kuno kuyankha nyimbo ndi chakudya chawo. Ndipo liwu lija la alakatuli a pa wailesi, lokoka mawu ngati munthu akulira maliro a eni, ulisiye. Lankhula monga unkatiuzira nthano pa mphasa.

Magetsi akazima, usaime. Masiku ano Eskom, kampani ya magetsi ya dziko lino, yapepukako, koma City Power, ya mzinda uno, imatha kukudzidzimutsa. Ndinaonapo mtsikana wina, magetsi anangoti thi ali pakati. Anaika maiki pansi, anthu anayatsa matochi a m'mafoni, iye n'kupitiriza ndi mawu ake okha. Mpaka lero ndimakumbukira ameneyo, ena onse a usiku umenewo ndinawaiwala.

Wina akakuwa zachipongwe, mowa uli m'mutu, usamuyankhe. MC ndi anyamata a pakhomo alipo chifukwa cha ameneyo. Ndipo ndikuuziretu, mwina wina alakatula zoti alendo atha ntchito, alendo abwerere kwawo. Sizichitika kawirikawiri pamalo amenewa, ndipo nthawi zambiri chipinda chomwecho chimamuyankha ndi chete. Koma dziko lake ndi lomweli la 2008, pamene zipolowe zothamangitsa alendo zinayambira ku Alexandra anthu 62 n'kufa, ndi la 2015, pamene boma lathu linachita kutumiza mabasi ku Durban kukatenga anthu. Iwe umwe Stoney wako. Mkangano wa m'bala ulibe wopambana, makamaka mlendo. Pasipoti ikhale m'thumba la m'kati limodzi ndi foni.

Ukamaliza, "zikomo", osati mawu ena, n'kutsika. Usatuluke. Pali khalidwe loipa la ena, kulakatula zawo n'kunyamuka ndi anzawo onse, otsalawo azilakatulira mipando. Anthu amaona, ndipo ulendo wina MC amaiwala dzina lako mwadala. Ukhale mpaka mlendo wapadera uja amalize. Ngati akugulitsa timabuku take ndipo m'thumba mwatsala kanthu, gula, ndi momwe amadyera. Pa nthawi yopuma pita kwa mmodzi amene wakugwira mtima, umuuze mzere umene wakukhudza, mzere weniweniwo, osati kungoti munachita bwino. Ndi mmene ndinadziwira za Word N Sound ndi madzulo ena a ndakatulo cha ku Newtown ndi ku Braamfontein, palibe anandipatsa pepala, ndi pakamwa basi. Wina akakufunsa tanthauzo la ndakatulo yako, pamenepo ndiye masulira mmene ungathere, muli awiri, botolo lili pakati.

Zobwerera. Taxi usiku umenewo iwalako, ndipo usayerekeze kuyenda wapansi kufuna renki. Ndi Bolt kapena Uber. Uitanitse uli m'kati, udikire uli m'kati, ikafika uyang'ane nambala ya galimoto ngati ikufanana ndi ya pa foni usanatsegule chitseko. Pa 7th paja anyamata amakwatula foni kwa munthu woima m'mbali mwa msewu akuyang'ana kamapu, galimoto ili kale chilizire. Unditumizire ulendowo pa WhatsApp ndizikuona. Pakavuta, 10111 ndi apolisi, 112 pa foni ya m'manja imalowanso. Koma sizifika pamenepo, chifukwa tibwerera limodzi.

Ine ndiweruka 9 koloko, ndapempha kale mnzanga atsuke mapoto anga. Ndikathamanga ndifika cha m'ma hafu pasiti. Ukaona MC akuyandikira dzina lako ine ndisanalowe, usamupemphe kuti adikire, kwera basi. Ungopempha woperekera zakumwa kapena amene wakhala naye akujambule pa foni yako, kanemayo titumize kwa amayi Lamlungu, aone kuti bambo awo atchulidwa ku Joni. Undisungire mpando, uikepo chipewa. Ndipo udye nsima usanachoke, alamu ako aphika msanga, chakudya cha kumeneko mtengo wake ungakomoke.

Akundiitananso. Ndime yachinayi ija dula, wamva?